Apongozi Pamzere wa Kalembera ku Malota

Ana anga, za ubwana wanga ku Katete ndazilumpha dala. Munazimva kambirimbiri mpaka munayamba kundimalizira mawu ndisanatseke pakamwa, ndiye sindiwononga nazo pepala. Ndiyambira pamene ndinayamba kumanga tayi.

1965

Ndinatsika sitima ku Livingstone ndili ndi satifiketi ya Sitandade Sikisi m'thumba la jekete, kumbuyo kwanga kuli mayi anu atasenza katundu wathu yense m'beseni limodzi. Ufulu unali usanakwanitse chaka, ndipo m'maofesi munali mipando yopanda anthu chifukwa azungu ambiri anali kulongedza. Anandilemba ku khonsolo ya tauni ngati kalaliki wamng'ono wosunga makadi a nyumba za m'makomboni. Ntchito ya khonsoloyo ndinakalamba nayo. Kalembera wa zisankho ndinamugwira kangapo, ku Dambwa ndi kwina, ngakhale m'zaka za chipani chimodzi pamene inki inkasowa mpaka tinkaithira madzi, zala za anthu n'kumatuluka papepala zotumbuluka. Koma kalembera amene ndifuna mumudziwe ndi woyamba uja.

Bwana wanga anali Ba Mubita, Mlozi wamtali wa ku Mongu amene kale anali mphunzitsi. Uphunzitsiwo sunawachoke. M'mawa uliwonse ankatiyang'ana zikhadabo ndi makolala ngati ana a sukulu, ndipo ukalakwitsa chilembo chimodzi ankakulembetsanso tsamba lonse. Ankayenda pa njinga yakuda imene ankaipukuta kuposa nsapato zawo. Mawu awo anali amodzi tsiku ndi tsiku, m'Chinyanja cha m'tauni chija: "Mwale, buku ya boma siinama. Ngati yanama, ni iwe wanama." Ndinkawaopa, koma ndinkawakondanso, chifukwa munthu uja sankadya cha mwini ngakhale pensulo.

Khonsolo inatipatsa nyumba ya zipinda ziwiri ku komboni ya Malota. Chakumapeto kwa chaka, mayi anu ali oyembekezera iwe Jesi, kunabwera apongozi anga, aNabanda, agogo anu, kudzathandiza pa uchembere. Anati akhala miyezi iwiri. Mwana anabadwa, miyezi iwiri inatha, inayi inatha, iwo anayamba kugulitsa mtedza pamsika, ndipo za kubwerera kumudzi palibe anazitchulanso.

Inu a masiku ano mumaseka ndi apongozi anu pa sofa imodzi, ndiye ndikufotokozereni. Kwathu mkamwini ndi amake a mkazi wake sapenyana kumaso, salankhulana, sakhudzana. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Si chidani ayi, ndi ulemu. Zimatha pokhapokha mwana atabadwa, akuluakulu a mbali zonse atakhala pansi, mkamwini n'kupereka nkhuku kudzera mwa munthu wina, apongozi n'kuilandira. Pamenepo pakamwa patseguka. Ife tinagwirizana kuti mwambowo tikachitira kumudzi ndikadzapeza tchuthi, pamaso pa amalume a mayi anu. Tsono kumudzi kupewana n'kosavuta, tchire ndi lalikulu. Nanga m'nyumba ya zipinda ziwiri mupatukira kuti? Ndinkati ndikafika pampanda ndimakhosomola kuti iwo athawire kuseri. Potuluka m'chipinda, kukhosomola. Pobwera kuchimbudzi, kukhosomolanso. Ndinakhosomola mpaka mnansi wathu Ba Namakau, mayi wa Chilozi wogulitsa nsomba zouma, anabwera ndi mizu m'kapepala. "Ba Mwale, chifuba chanu ichi chizakupayani. Mwani aka kamuzu, mwakana kuyenda ku chipatala." Mayi anu anaseka mpaka kugwetsa mbale.

1966

Chaka chimenecho kunabwera mawu oti kukhala chisankho cha makhansala, ndipo munthu aliyense wamkulu wokhala m'tauni alembetse dzina, mwamuna kapena mkazi, wanyumba kapena wogona kwa abale. Kale zinthu za tauni ankasankha ndi eni masitolo ndi eni nyumba za njerwa kumtunda. Ife a m'komboni tinkangouzidwa. Makalaliki anali ochepa, choncho tebulo lililonse linapatsidwa munthu mmodzi yekha, ndipo ine linandigwera la ku Malota komwe ndinkakhala, pakhonde la kaholo ka m'komboni. Tisanayambe, Ba Mubita anatilumbiritsa Baibulo lili m'manja, natiwerengera malamulo atatu. Munthu umuone nkhope ndi maso ako. Dzina ndi zaka umufunse wekha, umve ndi makutu ako. Ngati sadziwa kulemba, chala chake chachikulu uchigwire ndiwe, uchipake inki, uchidinde pafomu. Wopezeka atatulutsa fomu kunja kwa tebulo, kapena atalandira kanthu kwa munthu wolembetsa, ntchito yatha tsiku lomwelo.

Masiku awiri oyamba ndinangokhala ndi ntchentche. Anthu ankadutsa patali, akundiyang'ana cham'mbali. Ankakumbukira kuti kale dzina likalowa m'buku la boma, chotsatira chinali msonkho kapena chitupa. Tsiku lachitatu kunabwera mdala wina wopuma ntchito ya njanji, atavala suti yaukwati wake yonunkha mankhwala a njenjete. Anafunsa katatu ngati kuli kulipira. Nditamuuza kuti palibe, anadinda chala, natenga khadi lake, nayenda nalo komboni yonse atalikweza m'mwamba. Ha! Mawa lake mzere unafika kumpopi. Walira mvula walira matope, ine amene ndinkadandaula kusowa anthu ndinayamba kusowa nthawi yomwera madzi. Koma anali masiku okoma, ana anga. Amayi ankabwera akuimba, Alozi, Atonga, a kwathu kum'mawa, aliyense nyimbo yake, ndipo wina akadinda chala anzake ankaimba nthungululu ngati wakwatiwa. Pa zaka ndiye panali nthabwala. "Munabadwa liti?" "Chaka cha dzombe." "Dzombe liti, poti linabwera kangapo?" "Lija lonona." Mzere wonse kugwa nako kuseka, ine n'kumawerengera pa zala.

Lamlungu lina titachoka kutchalitchi, mayi anu anandikhazika pamthunzi. "Bambo a Jesi, amayi akuti nawonso afuna alembetse." Ndinati mwina angotengeka ndi nyimbo za anzawo, koma mayi anu anandiuza chimene sindinkachidziwa. Bambo awo, amuna a aNabanda, anagwira ntchito yocheka matabwa m'tauni yomweyi zaka zambiri. Atadwala kwambiri, aNabanda anayenda ulendo wonse kuchokera ku Katete kudzawasamala, koma analibe kalata yololeza mlendo kugona m'komboni. Anagona masiku atatu okha. Apolisi a m'komboni anawapeza, nawakweza lole, nawauza kuti tauni si ya akazi a kumudzi. Amuna awo anamwalira iwo ali panjira. "Tsono akuti amva kuti dzina likalowa m'buku limenelo, ndiye kuti munthu ndi wa m'tauni muno, palibenso wowakweza lole. Akuti afunanso asankhe munthu woti awonjezere mpopi, atopa kulimbirana madzi."

Tebulo la ku Malota linali limodzi, ndipo pa tebulopo panali ine. Wa ku Malota sakanalembetsa kwina. Mayi anu anali ataganiza kale njira yawo. "Mubwere ndi fomu imodzi kunyumba ndi kainki. Ine ndiwafunsa, ine ndiwadinditsa, inu mukalowetsa m'buku. Adziwa ndani?" Ndinati ndinalumbira. Iwo anati, "Munalumbira kwa Ba Mubita, nanga kwa amayi anga simunalumbire?" Tinakangana ndithu, koyamba chikwatirane. Masiku awiri ndiwo zinkabwera zopanda mchere, ndipo sindikhulupirira kuti kunali kuiwala.

Ndinapita kwa Ba Mubita kukawafotokozera. Ndinkayesa andikalipira, koma anaseka mpaka kuvula magalasi. "Mwale, iwe uyopa apongozi kuchila boma! Naise kwathu tili nayo ulemu ya so, naimvela. Pa Chisanu, siku yosiliza, nizabwela neka, nizabalemba na kwanja yanga. Bauze babwele." Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu. Ndikanawapempha kuti abwere msanga, koma ndinaona ngati ndawavuta kale. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Lachisanu lotseka

ANabanda anafika m'mawa, atavala chitenje chatsopano ndi duku loyera la kutchalitchi. Sanalowe pamzere. Anakakhala pansi pa mtengo wa m'mbali mwa holo, atandifulatira, akuyang'ana mpanda. Mayi anu anakhala nawo, iwe Jesi uli kumsana. Anthu anali ambiri tsiku limenelo, onse ozengereza a m'komboni, ndipo ndinalemba mpaka dzanja kuuma. Pa tebulo panali wotchi ya belu imene ofesi inatibwereka, ndipo lamulo linali loti ikakwana faifi koloko, buku litsekedwe, ndijambule mzere wofiira pansi pa dzina lomaliza. Dzuwa linafika pamutu, Ba Mubita osaoneka. Linapendeka, osaoneka. Njinga iliyonse ikalira belu ndinkadzutsa mutu, koma ayi. Pofika hafu pasiti folo mzere unatha. Panatsala anthu ongocheza, ndi mayi mmodzi uja pansi pa mtengo, msana uli chilili kuyambira m'mawa, osadya kanthu.

Mayi anu anabwera, nawerama ngati akukonza mbereko. "Ndipatseni fomu, ndipite nayo kuseri kwa mtengo. Ndi masitepe khumi okha." Maso awo anali ndi misozi. Ndikuuzani zoona, dzanja langa linafika pafomu, ndinaikoka pang'ono. Ndinaganiza za anthu onse amene anaimba pamzere uja chifukwa anakhulupirira kuti buku ili, mosiyana ndi akale, ndi loona. Ndinaganizanso za lole ija. Kuwabweza apongozi osalembedwa sindikanatha. Kunamiza buku sindikanatha. Kuwayandikira n'kuwagwira dzanja popanda mwambo kukanakhala kuwavula pagulu. Inatsala njira imodzi, ndipo inali yoopsa: kuchita mwambo wa nkhuku pompo, pakhonde la holo, popanda amalume, popanda wamkulu aliyense wa kwathu. Akanakana nkhukuyo pamaso pa anthu, ndikanakhala mkamwini wamwano mpaka kufa, ndipo mbiri ikanafika ku Katete ine ndisanafike kunyumba.

Ndinabweza fomu, ndinaitana Ba Namakau amene anali kucheza pambali ndi dengu lawo la nsomba. Ndinawapempha athamangire kwathu akagwire thadzi lathu, limodzi lomwelo limene tinali nalo, ndipo akhale ndiwo otiyimira pakati. Anagwira pakamwa. "Ine nili Mulozi, Ba Mwale! Nizibako chani za mwambo wanu?" Ndinati, "Miyendo muli nayo, pakamwa muli napo. Mawu ndikuuzani ndine. Thamangani, mayi, nthawi yatha!" Anasiya dengu, namanga chitenje, naliyatsa liwiro. Mayi wonenepa uja sindinamuonepo akuthamanga chotero. Anabwera ali wefuwefu, nthenga zili m'tsitsi, ndipo m'malo mondipatsa m'manja anaiika nkhukuyo pa tebulo, pamwamba penipeni pa buku la boma.

Nthawi yomweyo ndinamva mawu kumbuyo kwanga. "Mwale! Ni chani ichi?" Kalanga ine! Anali Ba Mubita, akukankha njinga yophulika tayala, thukuta lili kamukamu, mtolo wa mafomu uli pakaliyala. Anali atapita kusiteshoni kukatenga mafomu a matebulo amene anaperewera, njinga n'kuwafera panjira. Anayang'ana nkhuku, anayang'ana ine. Nkhope yawo inagwa, ndipo chimene ndinaona sichinali ukali koma chisoni. "Iwe, Mwale? Pa bonse, iwe ndiye wayamba kulandila nkhuku?" Anandipulumutsa ndi Ba Namakau. "Iyayi, Ba Mubita, si kulandila, ni kupasa! Nkhuku ni yake, ayipeleka kuli apongozi bake kuti bakambisane. Onani, ba mayo baja bankhala kuchoka kuseni." Kenaka anawathira Chilozi chothamanga chimene sindinachimve, manja akuloza ine, akuloza mtengo, akuloza wotchi. Ba Mubita anatsamiritsa njinga pakhoma, navula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali. "Lamulo ikamba kuti kalaliki asalandile kanthu. Sininabelengepo pamene ikamba kuti kalaliki asapase apongozi bake nkhuku. Koma ichoseni pa buku yanga isanasaine."

Anthu anaseka, koma ine kuseka kunalibe, chifukwa chachikulu chinali chisanachitike. Ba Mubita anati popeza afika, nkhuku ibwerere kukhola, alemba okha monga analonjezera. Koma aNabanda anali atamva zonse, mawu oti mkamwini wapereka nkhuku anali atatuluka kale pagulu, ndipo mawu otere sabwezedwa. Ndinainyamula ndi manja awiri, ndinaipereka kwa Ba Namakau, ndinawanong'oneza zoti akanene. Anapita pansi pa mtengo, nagwada, naomba m'manja mwa Chilozi chawo, nanena mokweza kuti aliyense amve: "Ba mayo, mukamwini wanu akuti mwana anabadwa, mwamulela bwino. Akuti akulu bali kutali, nthawi yachepa, mumukhululukile. Apempha mulandile ka nkhuku aka, mumusegulile pakamwa." Wotchi inkasonyeza kuti kwatsala mphindi khumi. Msana uja sunagwedezeke. Ndinaona mayi anu atatseka maso, milomo ikuyenda. Kenaka manja awiri anatambasuka pang'onopang'ono, naitenga nkhuku ija, naifungatira m'khwapa.

Nthungululu zimene zinalira pamenepo anazimva a kumsika. Ba Mubita anakhala pampando wanga, natenga cholembera, nati, "Bwelani, ba mayo, nikulembeni." ANabanda anadzuka, nakonza duku, natembenuka. Aka kanali koyamba kuti ndione nkhope yawo bwinobwino, ndipo ndinadabwa kuona kuti ndi nkhope ya mayi anu yeniyeni, ndi kampata komwe ka m'mano. Anayenda mpaka pa tebulo, nati kwa Ba Mubita, "Zikomo, bambo, koma nkhuku ndalandira. Andilembe mwana wangayu."

Ba Mubita anadzuka, ine ndinakhala pampando. "Dzina lanu, amayi?" Mawu anatuluka ang'ono ngati a mwana wa sukulu. "Ezelina Banda." Zaka zonsezo ndinali ndisanalimvepo dzina limenelo, ndipo iwo analitchula mokweza, mutu uli m'mwamba. "Munabadwa liti?" "Aa, nanga ndinali ndi kalendala? Amati pa matenda a fuluwenza aja ndinali kumsana." Ndinawerengera, ndinalemba. Kenaka ndinatsegula kabokosi ka inki. Anandipatsa dzanja lamanja, lamanzere lili ndi nkhuku. Linali dzanja lolimba, lokhakhala ndi khasu ndi makoko a mtedza, ndipo ine ndinangolikhudza ndi nsonga za zala. Anandiyang'ana m'maso, nati, "Gwirani zolimba, bambo. Chikatuluka chokhota, boma lidzati ndi munthu wina." Ndinagwira zolimba, ndinadinda. Chala chinatuluka bwino, mizere yonse kuoneka. Ndinalemba khadi, ndinawapatsa ndi manja awiri, belu la wotchi n'kulira. Mzere wofiira ndinaujambula pansi pa dzina lawo, ndipo sindichita manyazi kukuuzani kuti ndinalira, Ba Mubita akuyang'ana kumbali ngati akuona tayala la njinga.

Amalume a mayi anu atamva analemba kalata yaukali, yoti ana a m'tauni tasandutsa mwambo kukhala masewera. Yankho analinena ndi aNabanda, wolemba ndinali ine. Anati ndilembe kuti nkhuku inali yonona, anailandira ndi manja awo, ndipo amene ali ndi mawu akwere sitima adzawauze pamaso. Palibe anakwera.

Tsiku la voti

Kuyambira Lachisanu lija, mayi amene anakhala chaka chathunthu osandiuza ngakhale moni sanatsekenso pakamwa. Anandiuza kuti ndimatafuna mokweza, kuti tayi yanga yofiira siindikhala, kuti kukhosomola kwanga kuja kunkadzutsa mwana. Anali atazisunga zonse. Madzulo ndikaweruka tinkakhala pakhonde tikusenda mtedza, akundifunsa za ku ofesi, ndipo ankaseka mpaka kutsokomola ndikamawayerekezera mayendedwe a Ba Mubita. Ndinapeza mnzanga amene ndinkagona naye nyumba imodzi osamudziwa.

Tsiku la chisankho anadzuka nkhuku zisanatsike, nasamba, navala duku loyera lija. Anali munthu wachitatu pamzere. Ine ndinali pa ntchito kumalo ena ovotera, ndiye tinakumana kunyumba dzuwa litapendeka. Ndinawapeza atakhala pampando wanga, miyendo atatambasula, akuyang'ana chala chawo. Ku Malota kunkapikisana anthu awiri, wina kalipentala, wina wa sitolo, ndipo onse analonjeza mpopi. Ine ndinali ndi amene ndinkamufuna, ndipo mtima unkandiyabwa. Ndinakhala pansi pafupi nawo, ndinafunsa za mzere, za dzuwa, za anzawo a pamsika, kenaka ndinatsitsa mawu. "Nanga amayi, mwaponyera uti?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ogo! Mwayamba kulankhula nane dzana lomweli, lero mufuna mudziwe ndi za m'bokosi zomwe? Nkhuku imodzi ija inali yotsegula pakamwa, bambo. Voti ndi yanga."

Anakhala nafe zaka khumi ndi zitatu, anavota chisankho chilichonse, ndipo sanandiuze ngakhale kamodzi.